Ntchito ikatha, mwana asasowe ku Sande sukulu

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, adasiya kupita ku Sande sukulu ali ndi zaka 9, ndipo ine mayi wake, namwino wathunthu, ndidatha masabata 6 ndisakudziwa chimene chikumuvuta. Lamulungu lililonse m'mawa ankadzuka atagwira pamimba. Ndinkamugoneka pamphasa, kumupapasa, kumuyang'ana m'maso ndi lilime, koma osapeza kanthu. Mpaka ndidamumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba. Chodabwitsa chidali chakuti anzake akangoweruka kutchalitchi, m'mimba muja mwapola, mtsikana ali panja kusewera fulaye.

Apo n'kuti bambo ake atachotsedwa ntchito pakampani ina mumzinda wa Blantyre. Sadalakwe kanthu ayi, kampaniyo idangochepetsa antchito. Tidatuluka m'nyumba ya kampani n'kukalowa ya lendi ya zipinda ziwiri, ndipo kamalipiro kanga ka unamwino ndiko kadasenza zonse: lendi, ufa, makala, fizi ya wamkulu ndi abale akumudzi omwe sadamve n'komwe kuti zinthu zasintha. Ine ndi bambo tinkakambirana za ngongole usiku, monong'ona, poganiza kuti ana agona. Nyumba ya zipinda ziwiri ilibe chinsinsi, anzanga.

Amene adatulukira matendawo si ine wa dipuloma. Adali mphunzitsi wake wa Sande sukulu, mayi wachikulire wogulitsa zitumbuwa, amene sukulu adalekezera ku pulayimale. Adabwera kunyumba Lachitatu lina masana, adamwa madzi, sadafunse chilichonse, kenaka adapempha kuti mtsikanayo amuperekeze pamsewu. Mawa lake adandipeza kuchipatala ndikuweruka n'kundiuza zonse. M'kalasi mwawo mudali mpikisano wa chopereka, mayina a opereka kwambiri n'kumalembedwa pabolodi, ndipo dzina la mwana wanga, lomwe kale silinkasowa pamwamba, lidali litasowa. Nsapato zake zidali zitamuthina. Ndiye Lamulungu lina mnzake adamufunsa pagulu ngati zidali zoona kuti bambo ake adawachotsa chifukwa adaba. Mwana sadadziwe choyankha, pakuti ife makolo ake sitidamuuze kanthu. Adayamba kukhulupirira kuti mwina n'zoona.

Papita zaka zambiri, mtsikanayo lero ndi mayi wa ana ake, koma nkhaniyi imandibwerera nthawi iliyonse ndikamva kuti kwinakwake anthu achotsedwa ntchito. Ndipo zaka zapitazi tazimva kawirikawiri. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udatseketsa masukulu, mahotela adasowa alendo, ndipo aphunzitsi ambiri a masukulu omwe si aboma adakhala miyezi osalandira. Chaka chomwecho abale athu ambiri adabwera pamabasi kuchokera ku Joni ntchito zitawathera. Kenaka ADMARC idachotsa antchito ake masauzande. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mabizinesi ang'onoang'ono n'kuyamba kupuma movutika. Mu Januwale 2025 dziko la America lidaimitsa thandizo lake lopita kumayiko ena, ndipo anzathu ambiri a zaumoyo ogwira ntchito m'mabungwe, anamwino, madalaivala, alangizi, adauzidwa kuti akhale kunyumba. Tikamawerenga nkhani zotere timawerenga akuluakulu okha. Koma kuseri kwa kalata iliyonse yochotsera munthu ntchito kuli ana atatu kapena anayi amene palibe adawalembera kalata.

Mpingo ukamva kuti mkhristu wake ntchito yamuthera, umapita kukamuona. Abusa amapemphera naye, akulu ampingo amamulimbikitsa, amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika amacheza ndi mayi wapakhomopo. N'zabwino ndithu. Koma ana nthawi imeneyo amauzidwa kuti akasewere panja, akuluakulu akukambirana.

Pamene ine ndikuona kuti pali mwayi waukulu ndi ku utumiki wa ana, kaya kwanu mumati Sande sukulu, Tilitonse kapena Sukulu ya Sabata. Ife kuchipatala mwana timamuona akadwala basi. Mphunzitsi wa kusukulu ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, ena mayina sawadziwa. Koma mphunzitsi wa Sande sukulu amamuona mwana yemweyo sabata ndi sabata, amadziwa mayi ake, amadziwa pamene amakhala, amadziwa kuti uyu ndi wolongolola, uyu ndi wamanyazi. Zikasintha, iye ndiye woyamba kuona, ngati maso ake ali otsegula.

Nanga aone chiyani? Mwana sanena kuti ndili ndi nkhawa. Thupi lake ndilo limanena. Wamng'ono amene adasiya kale kukodza pogona amayambiranso. Wina amadandaula mutu kapena m'mimba popanda malungo. Wina amene ankaimba patsogolo amakhala kumbuyo, duu. Wina amasanduka wandewu, kumenya anzake pa zinthu zazing'ono, ndipo ameneyu ndiye timamulakwira kwambiri chifukwa timathamangira chikwapu. Wina amasinza nthawi ya phunziro chifukwa wabwera osalawa kanthu. Mukagawa masikono, muone amene akubisa lake m'thumba m'malo modya: kawirikawiri akusungira mng'ono wake. Ana okulirapo, makamaka atsikana oyamba kubadwa, amaphunzira kunena kuti ndakhuta pamene sadakhute.

Pano ndilankhule ngati namwino. Mwana wosakwana zaka 5 akayamba kufiira tsitsi, tsitsilo n'kumapyapyala, nkhope ndi mapazi zikuoneka zonenepa koma iye ali wofooka ndi wosakondwa, kumeneko si kunenepa. Dinikizani chala pamwamba pa phazi lake, muwerenge mpaka katatu, muchotse. Pakatsala kadzenje kumapazi onse awiri, mwanayo watupikana chifukwa chosowa zakudya m'thupi, ndipo afunika kuchipatala tsiku lomwelo, osati kudikira tsiku la sikelo. Kumeneko ndiko kuli chiponde ndi thandizo lina. Pemphero lipite naye limodzi panjira, lisamuchedwetse. Ndipo inu makolo amene mwana wanu amamwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu, musamusiyitse poti pakhomo palibe chakudya kapena ndalama ya minibasi. Kauzeni a kuchipatala vuto lanulo, kapena munthu mmodzi wa kumpingo amene mumamukhulupirira.

Koma chizindikiro chachikulu kuposa zonse ndi mpando wopanda munthu. Mwana wa kholo lochotsedwa ntchito amayamba wajomba. Mphunzitsi aliyense akhale ndi kaundula, ngakhale kakope ka masamba ochepa, ndipo mwana akasowa Malamulungu awiri otsatizana, wina apite kwawo. Apite ngati wokacheza, osati ngati wapolisi wokafufuza. Musatume ana anzake kuti akamufunse chifukwa chimene sakubwerera, pakuti ana anzakewo mwina ndiwo akuwathawa.

Tsono chimene chimamuthamangitsa mwana wotere kutchalitchi si njala kwenikweni. Wanjala amabwera. Chimene chimamuthamangitsa ndi manyazi, ndipo manyaziwo nthawi zambiri timawaphika ndife eni ake osadziwa. Taganizani zimene timawapempha ana pachaka: chopereka cha sabata ndi sabata, pepa Sande ya ana, yunifolomu ya kwaya, nsalu ya mpingo, ndalama ya ulendo wa kunyanja, ya msonkhano wa achinyamata, mphatso ya tsiku la amayi. Kwa banja limene likulandira malipiro ndi tindalama tochepa. Kwa banja limene likugula ufa wa m'kapepala tsiku ndi tsiku, ndi phiri. Ndipo mwana amene amadziwa kuti kunyumba kulibe sapempha n'komwe. Amangodwala m'mimba.

Sindikunena kuti ana asaphunzitsidwe kupereka, ayi. Ine ndemwe ndidakula ndikumangiriridwa kandalama pansonga ya mpango. Koma mpikisano wa chopereka pakati pa ana, kulemba mayina pabolodi, kuwomba m'manja kwa amene wabweretsa zambiri, zimenezi sizikuyesa mtima wa mwana. Zikuyesa thumba la bambo ake. Ikani kathumba kansalu koti mwana apisemo dzanja, wina asaone ngati waponya kapena sadaponye. Ulendo ukakonzedwa, werengerani ndalama zake moti ana atatu kapena anayi akwere popanda kulipira, ndipo amene akudziwa mayina awo akhale mphunzitsi ndi msungichuma basi. Kwaya iimbe ndi yunifolomu ya sukulu kapena malaya oyera alionse ngati ena alibe nsalu. Mulungu sadakanepo nyimbo chifukwa cha chitenje.

Thandizo lenileni nalo lili ndi kaperekedwe kake. Ndidaonapo pampingo wina ana a banja lina ataimikidwa kutsogolo, mpingo wonse ukuyang'ana, akulandira thumba la ufa ndi makope, wina akujambula pafoni. Madzulo ake zithunzi zili pa WhatsApp. Opereka adapita kwawo mitima ili mbee. Mnyamata wamkulu wa banjalo, wa zaka ngati 13, sadapondenso pakhomo pa tchalitchicho. Kuthandiza kotero kuli ngati kubaya jakisoni ndi singano yakuda: mankhwala alowa, koma pasiyidwa chotupa.

Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi iyi. Pakhale anthu awiri kapena atatu odziwa kusunga pakamwa, amene mphunzitsi angawauze za banja limene lavutika. Iwo akambirane ndi makolo, awafunse chimene chikufunika msanga, chifukwa mwina inu mukuganiza za ufa pamene iwo chawathina ndi yunifolomu, sopo kapena mapadi a mtsikana. Zinthuzo zikagulidwa zipite kwa kholo, madzulo, kholo ndilo lipereke kwa mwana wake. Mwana alandire kope kuchokera m'manja mwa bambo ake. Bambo amene wataya ntchito wataya kale zambiri, musamulandenso ulemu pamaso pa ana ake. Ndipo zovala zosonkhedwa mumpingo musazigawe mumpingo momwemo. Palibe chowawa kwa mtsikana ngati kumva mnzake akunena kuti dilesi wavalayo idali yanga. Sinthanani ndi mpingo wa kutali, kapena gulitsani mukagule zina pakaunjika.

Chakudya ndiye chosavuta kuchibisa, chifukwa mungathe kudyetsa onse. Bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba kuphikira ana phala m'dziko muno mu 2002, lidationetsa kuti kapu imodzi ya phala imakoka mwana kupita kusukulu. Koma phala la kusukulu, kumene lilipo, ndi la masiku a sukulu. Loweruka, Lamulungu ndi nthawi ya holide mwana amaonera yekha. Mpingo umene uli ndi amayi 40 sungalephere kusonkha mbale imodziimodzi ya mgaiwa, wina nsinjiro, wina soya, wina nkhuni, kuti ana amwe phala asadayambe phunziro. Amwe onse, wa bwana ndi wa lova, pamzere umodzi. Mukangoti phala ili ndi la ovutika, ovutikawo ndiwo ayambe kulikana.

Tibwere ku zimene timawaphunzitsa. Masiku ano kuli ulaliki wina umene umati aliyense amene zinthu sizikumuyendera ali ndi tchimo lobisika, kapena sapereka chakhumi, kapena ali ndi temberero la kumtundu. Akuluakulu atha kumva zimenezi n'kusefa. Mwana sasefa. Amapita kunyumba akumuyang'ana bambo ake ndi diso lina. Choopsa kwambiri ndi pamene tsoka la pakhomo likankhiridwa kwa mwana yemweyo, kuti ndiye akuwulutsa mwayi wa makolo ake usiku. Ndidasamalirapo ana m'chipatala amene adamenyedwa ndi kumanidwa chakudya chifukwa cha mawu otere, ndipo sindifuna kuwakumbukira. Lamulo la 1911 lidaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo mphunzitsi wa ana akamva mphekesera yotere pa mwana wa m'kalasi mwake asaisekerere.

Musamulonjezenso mwana zimene simungathe kukwaniritsa. Mukamuuza kuti ukapemphera mwamphamvu bambo ako apeza ntchito mwezi uno, mwezi n'kutha ntchito osapezeka, iye amaganiza kuti pemphero lake ndilo lidali loperewera. Mwamusenzetsa katundu wa akuluakulu. Muuzeni zoona zimene angathe kunyamula: kuti ntchito imatha ngakhale kwa anthu abwino ndi olimbikira, kuti iye sadalakwe kanthu, kuti kupeza ndalama si udindo wake, ndipo kuti pano pampingo malo ake alipo kaya wabwera ndi chopereka kaya ayi. Baibulo silisowa nkhani za mabanja ovutika. Pa 2 Mafumu 4 pali mayi wamasiye amene wangongole adafuna kumulanda ana ake awiri. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa mneneri Elisa adayamba wafunsa chimene mayiyo adali nacho m'nyumba, ndipo mafuta aja adathiridwa m'ziwiya zobwereka kwa anansi, chitseko chili chotseka. Anansi adathandiza, koma sadaonerere.

Ana okulirapo, a zaka 12 kupita m'tsogolo, ali ndi zoopsa zawozawo. Pakhomo pakasowa ndalama, mnyamata amayamba maganyu, kenaka kujomba kusukulu, kenaka kusiyiratu. Mtsikana amatumidwa kukagulitsa mandasi kapena mazira mpaka mdima, kumalo kumene kuli abambo a ndalama m'thumba. Ena amayamba kumuuza kuti bola akwatiwe apepukitse makolo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Mphunzitsi akaona mtsikana wa banja lovutika wayamba kukhala ndi foni kapena zovala zimene makolo ake sangagule, asayambe ndi kumudzudzula kuti walowerera. Ayambe wafunsa kuti akumupatsa ndani.

Ndinene mosabisa kuti nthawi zina womupatsayo amakhala wa mumpingo momwemo. N'chifukwa chake thandizo lisamadutse m'manja mwa munthu mmodzi kupita kwa mwana mwamseri. Mphunzitsi wamwamuna asamaitanire mtsikana kunyumba kwake kuti akatenge ya sopo, ndipo kokayendera ana muzipita awiri. Mwana akaulula kuti wina akumugwiragwira kapena akumenyedwa koopsa, imeneyo si nkhani yokambirana pabwalo la mpingo n'kukhululukirana. Pitani naye kuchipatala ndi kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Inu makolo achinyamata, ana anga, mbali yanu ndi iyi. Auzeni ana zoona. Ndikudziwa abambo amene amadzuka m'mawa, kumanga tayi, kunyamula chikwama, kukakhala tsiku lonse m'tauni kuti ana ndi anansi asadziwe. Ana amadziwabe, ndipo amaphunzirapo kuti nkhaniyi ndi yochititsa manyazi kwambiri moti siyitchulidwa. Akhazikeni pansi, nonse awiri, muwauze kuti ntchito ya bambo kapena ya mayi yatha, sadabe, sadalakwe, tiyamba tachepetsa zina, koma tili limodzi. Apatseni mawu oti akayankhe anzawo akawafunsa. Ine ndikadachita zimenezi, mwana wanga sakadamwa mankhwala a njoka popanda njoka. Ndipo mawu onga akuti ana inu mukundithera ndalama, ngakhale mwatopa chotani, amezeni. Mwana amawasunga zaka.

Kenaka mutsineni khutu mphunzitsi wawo wa Sande sukulu. Simukupempha kanthu, mukungomuuza kuti adziwe poyang'ana. Inunso musathawe kutchalitchi poti mulibe chopereka, chifukwa mukakhala pakhomo ana nawo akhala. Za ndalama zanu za kuntchito, lamulo la ntchito la 2000 limapereka ufulu wolandira ndalama zolekera ntchito kwa amene wachotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, choncho pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mukafunse musadathamangire katapila. Amayi, bambo akayamba kusagona, kudzitsekera, kumwa mowa mosadziletsa kapena kunena kuti bola kufa, musati akungolankhula. Uzani munthu tsiku lomwelo, abusa, m'bale wake kapena a kuchipatala, ndipo musamusiye yekha.

Bambo a kunyumba kwanga adakhala chaka ndi miyezi iwiri asadapeze ntchito ina. M'miyezi imeneyo mayi wa zitumbuwa uja adachita zinthu zimene ndidazimvetsa patapita nthawi. Adapita kwa akulu ampingo kukanena kuti mabenchi a ana athyoka ndipo akufuna munthu wodziwa kugwira hamala, n'kutchula dzina la bambo. Loweruka lililonse bambo ankapita kukakhoma mabenchi, ana awo akuwapatsira misomali, ndipo Lamulungu ana onse ankadziwa kuti benchi akhalirayo adakonza ndi bambo a uje. Bolodi la mayina lija adalifufuta, ati choko chatha.

Za nsapato sadatiuze kanthu, ndipo sadagule nsapato. Adangolengeza m'kalasi kuti popeza mabenchi akukonzedwa, ana onse azikhala pamkeka, ndipo mkekawo ndi wobwereka, sufuna fumbi. Kuyambira tsiku limenelo aliyense ankavula nsapato pakhomo, iye mwini kuyambirira. Mabenchi adatha kukonzedwa mwezi wachitatu, koma kalasi la mayiyo lidakhalabe pamkeka mpaka Khirisimasi.